Mphesa Zomwe Ndinakwirira

Ndinanyamuka Lachitatu, 5 koloko m'mawa, mwezi wa Sepitembala, chaka chotsatana ndi chisankho choyamba cha zipani zambiri. Amake Tadala anandiperekeza mpaka pamsewu atasenza chikwama changa. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tinamusiya ali mtulo. Ndinauza mayi ake kuti ndikakhala zaka ziwiri basi.

"Ziwiri mwanenazo ndazimva," anatero.

Ntchito yanga kwathu inali yosankha fodya. Nditamaliza Fomu 4 ndinalowa pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo ndinakhala m'shedi yosankhira zaka khumi ndi chimodzi. Kapitawo amene anandiphunzitsa anali ndi lamulo limodzi lalikulu: chuku sachinyengerera. Tsamba limodzi la chuku likalowa m'belo, belo lonse limabwezedwa ku okushoni, ndipo amene analisankha amadziwika. Ukachiona chotsa, chotsanso masamba oyandikana nalo, kataye kutali. Lamulo limeneli linandilowa m'manja moti ndinkalichita ndisanaganize.

Esiteti itagulitsidwa tonse tinachotsedwa. Msuweni wanga, yemwe ankagwira ntchito m'bungwe lina la mayiko ku Nairobi, anandilembera kuti mkulu wina wa kutchalitchi kwawo akufuna munthu wa maso akuthwa, wosaba komanso wosamwa. Ndinakwera basi mpaka ku Karonga, n'kuwoloka Songwe, kenako Mbeya, Arusha, Namanga. Ndinafika tsiku lachinayi mapazi atatupa.

Mkuluyo anali a Pereira. Makolo awo anachokera ku India, koma iwo anabadwira konko, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Mzee, kutanthauza mkulu m'Chiswahili. Anali ndi nyumba yakale ku Pangani, yopanikizika pakati pa mafulati atsopano. Kuseri kwake kunali shedi yaitali, yozizira, yodzaza ndi migolo. Ankapanga vinyo. Wambiri anali wa pa guwa, wopita m'matchalitchi, wina wopita m'mahotela a m'tauni. Mphesa zinkachokera kumunda kwawo kuchigwa, pafupi ndi nyanja ya Naivasha, ulendo wa maola awiri pa galimoto.

Tsiku loyamba anayang'ana manja anga, osati satifiketi.

"Dzina lako n'lalitali," anatero. "Ndizikutcha Malawi. Pali vuto?"

"Ayi, bwana."

"Bwana ali kumwamba. Kuno kuli Mzee. Tsuka mabotolo awo."

Ndinkagona ku Umoja, chipinda chimodzi ndi Mutua, amene ankayendetsa pikapu ya Mzee. Pakati tinapachika nsalu. Mutua ankalankhula zokwanira anthu awiri, ine n'kumamvetsera zokwanira anthu awiri, choncho tinagwirizana. Ndi iye anandiphunzitsa Chiswahili, kukwera minibasi, yomwe amati matatu, isanaime, komanso kusatulutsa chikwama cha ndalama pa siteji. Ntchito ya masiku onse inali kutsuka mabotolo, kumata malebulo ndi kutsitsa makatoni m'tauni. Zomwe ndasunga ndinkapatsira ana a sukulu a kwathu akamapita ku holide, ndipo makalata a amake Tadala ankabwera ndi anthu omwewo.

Mwezi wa Febuluwale tinatsikira kumunda kukathyola. Mpesa ndinkangoumva m'Baibulo, ndipo ndinadabwa kuupeza uli kamtengo kafupi kotsamira pa waya. Othyola anali amayi a m'midzi yapafupi, mtsogoleri wawo ali Mama Wairimu, mayi wamkulu, wosaseka wamba. Tinathyola munda wonse kupatula mizere isanu ndi itatu ya kumunsi, ya mphesa zoyera, kufupi ndi dambo la gumbwa kumene nkhungu inkagona m'mawa. Imeneyo Mzee anaisiya. Ankapitako yekha m'mamawa, kununkhiza maphava, n'kubwerako osalankhula. Mvula itayandikira anati tithyole, ndipo mphesazo zinangosakanizidwa m'vinyo wa pa guwa.

Ndinafunsa Mutua chifukwa chake. Iye ankanditcha ndugu, kutanthauza m'bale.

"Ndugu, munthu aliyense ali ndi misala yake. Ya Mzee ndi mizere imeneyo. Yanga ndi mpira. Yako sindinaipeze."

Chaka chachiwiri, titangomaliza kuthyola munda wa kumtunda, Mzee anaitanidwa kuchipatala kukachotsa ng'ala m'diso. Anandisiya kumunda.

"Malawi, mizere ya kumunsi ija uisamale. Pasalowe mbalame, pasalowe munthu. Ndibwera Loweruka."

Lachiwiri m'mawa, nkhungu itangoyamba kukwera, ndinalowa m'mzere woyamba. Maphava anali ndi ubweya wotuwa ngati phulusa. Mphesa zina zinali zitafiira, zina zitakwinyika ngati chikopa chouma. Ndinayenda mizere yonse. Chuku chinali paliponse, ndipo ndinadziwa kuti pofika Loweruka chikhala chitamaliza. Kumundako kunalibe foni. Anandisiyira mizereyo kuti ndiisamale, ndipo kusamala komwe ndinkakudziwa kunali kumodzi.

Ndikunola sizasi, Mama Wairimu anadzaima pambali panga.

"Malawi, zimenezo Mzee salola kuti munthu azigwire."

"Mayi, ntchito yolimbana ndi chuku ndaigwira zaka khumi ndi chimodzi."

"Ya fodya."

"Chuku ndi chuku, mayi."

"Chabwino, mwana wa sukulu. Koma manja angawa usawawerengere."

Ndinagwira ndekha masiku awiri. Phava lililonse la chuku ndinadula, loyandikana nalo ndinadulanso. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno kutali ndi munda, ndinakhuthulamo mawilibala onse, ndinathira laimu, n'kukwirira. Sizasi ndinaiwiritsa. Mizere inatsala yoyera, masamba okhaokha ndi timaphava tochepa tobiriwira. Sindibisa, ndinkadziona ngati munthu amene wapulumutsa munda.

Loweruka Mzee anatsika m'pikapu diso limodzi lili ndi bandeji. Asanapereke moni anakoka mpweya ndi mphuno.

"Kwakhala nkhungu?"

"M'mawa uliwonse."

"Nanga masana?"

"Dzuwa ndi mphepo."

Anagwira mkono wa Mutua n'kuyamba kutsetsereka mofulumira ngati mnyamata. Ine pambuyo ndikufotokoza zomwe ndinapeza ndi zomwe ndinachita. Sindikudziwa ngati ankamva. Atafika pamzere woyamba anaima. Anapisa dzanja m'masamba, anafufuza, n'kupita pamtengo wina, n'kufufuzanso.

"Zili kuti?"

Ndinawaonetsa dzenje.

"Wathira laimu?"

"Eya, kuti chisafalikire."

Anakhala pansi, padothi pomwepo, ndi buluku lawo loyera. Kenako Mama Wairimu anabwera, anamasula nsonga ya nsalu yake n'kutulutsa phava limodzi. Analidula ine ndili kudzenje. Mzee analinunkhiza, anathothola mphesa imodzi yokwinyika kwambiri, yaubweya, n'kundipatsa.

"Idya."

Ndinangoiyang'ana.

"Idya, sufa. Ukanayenera kufa ndikanakupha kale."

Ndinaiika m'kamwa. Inali ngati uchi, komanso ngati mango ouma ndi khungu la lalanje. Inamata m'mano. Chiyambire sindinalawepo chinthu chotsekemera choncho.

Anandifotokozera ali chikhalire. Chuku n'chimodzi chomwecho, anatero, koma chili ndi njira ziwiri. Kukakhala nkhungu m'mawa, masana dzuwa ndi mphepo, chimaboola timabowo pakhungu la mphesa, madzi n'kumatuluka pang'onopang'ono, shuga n'kutsala. Vinyo wa mphesa zimenezo ndi wotsekemera, wa golide, ndipo botolo limodzi laling'ono limagula katoni ya vinyo wamba. Koma mvula ikangogwa, chuku chomwecho chimasanduka chivundi, zonse n'kununkha viniga. Kudikira ndiye ntchito yake, ndipo zaka zambiri umadikira n'kutuluka chimanjamanja. Vinyoyu anamumwa kamodzi ali mnyamata, atatumizidwa ku Ulaya kukaphunzira. Kumeneko anamuuza kuti m'dziko lotentha sizingatheke.

"Mizere imeneyi ndinaibzala dala m'njira ya nkhungu. Ndadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chino chinabwera."

Pobwerera ku Nairobi Mutua anandiuza zotsalazo. Mwana wa Mzee, a Antoni, ankafuna kubwereketsa mundawo kwa olima maluwa, amene nyumba zawo zapulasitiki zinali zitauzungulira kale mbali ziwiri. Mzee anapempha chinthu chimodzi: apange kaye vinyo ameneyu, ngakhale mgolo umodzi, kenako munda upite.

"Ndiye iwe wakwirira zimenezo," anatero Mutua. "Pepa, ndugu. Tikafika longedza. Sitovu undisiyire."

Ndinalongedzadi. Lolemba ndinapita ku Pangani kukamva mawu anga omaliza. Mzee ndinawapeza m'shedi atakhala pakati pa migolo.

"M'mizere muja wasiyamo maphava angati a chuku?"

"Palibe."

"Palibedi. Ndinayenda mizere yonse, sindinapeze ngakhale limodzi. Wairimu akamathyola amaphonya khumi pamzere uliwonse." Anakhudza bandeji. "Diso ili akonza, koma akuti kumbuyo kwake kuli vuto lina, ndipo linzakeli layambanso. Maso ako ndikuwafuna. Mutu wakowo ndiukonza ndekha."

Sanandiuze kuti ndisapite kwathu. Ndinadziuza ndekha kuti sindichoka mpaka zomwe ndinakwirira zitalowa m'mgolo. Amake Tadala ndinawalembera kuti ntchito yachuluka, ndiwonjezera chaka chimodzi. Zoona zake ndinachita nazo manyazi.

Chaka chotsatira kunagwa mvula yoopsa ija imene inakokolola milatho. Mphesa zinaola zisanapse n'komwe, ndipo fungo la viniga linkamveka uli pamsewu. Kenako kunabwera chilala. Ku Nairobi magetsi ankagawidwa, ku Umoja madzi tinkagula pa ngolo. Kumunda kunalibe nkhungu ngakhale tsiku limodzi, mphesa zinangopsa ndi dzuwa. Chaka china chuku chabwino chinayamba, ife n'kuyamba kutsuka makireti, koma matalala anagwa masana amodzi n'kumaliza nkhani.

Komabe chaka chilichonse panali maphava angapo ophunzirirapo. Mzee ankandiyendetsa m'mizere atagwira phewa langa. Chuku chabwino chimanunkhira ngati bowa wouma ndi uchi. Choipa chimawawasa m'mphuno, ndipo tintchentche ting'onoting'ono timachizungulira. Mphesa yabwino ukaifinya imakhala ngati chikopa, siiphulika. Yoipa imakutayira madzi m'zala. Paphava limodzi pamatha kukhala zonse: yabwino, yoipa ndi yosayamba. Choncho sudula phava, umatola imodziimodzi, n'kubweranso patapita masiku. Ndinaona kuti ntchitoyi sinali yachilendo. Kunali kusankha magiredi, kungoti giredi yapamwamba inali yomwe manja anga ankafuna kutaya.

Mayi anga anamwalira m'chaka cha chilala. Uthenga unafika pa foni ya ku ofesi kwa msuweni wanga ataikidwa kale. Mutua sanapite kokaonera mpira Lamulungu limenelo. Anaphika tiyi, n'kukhala nane tsiku lonse osalankhula, zomwe kwa iye zinali ntchito yaikulu.

Pazaka zonsezo kwathu ndinapitako kawiri, milungu itatu itatu. Ulendo wachiwiri m'pamene ndinawauza amake Tadala zoona. Anamvetsera akusenda nandolo.

"Ndiye mukudikira kuti zipatso ziole?"

"Pali kuola kwabwino."

"Oho. Mitengo ya denga lathuli inaola chaka chatha. Kaya n'kwabwinoko." Anaponya makoko m'lichero. "Mkuluyo anakuuzani kuti mukhale?"

"Ayi."

"Ndiye akukusungani ndani?"

M'kalata yotsatira analemba mzere umodzi womwe ndinauwerenga kambiri: mwana wayamba kukutchulani kuti a ku Kenya.

A Antoni sanali munthu woipa. Anadikira zaka zambiri kuposa zomwe ambiri akanadikira. Koma tsiku lina anandiitanira pageti la ku Pangani, n'kundiuza mwaulemu.

"Malawi, bambo sakuonanso. Kumunda sangapite. Ndasaina. Mwezi wa Epulo thirakitala ikulowa. Chomwe mungathyole chaka chino, thyolani."

Mzee anandipatsa foni ya m'manja, yoyamba m'moyo wanga, n'kunditumiza kumunda ndi Mutua. Iwo anatsala pampando wawo m'shedi.

Nkhungu inayamba kumapeto kwa Febuluwale. M'mawa sunkaona munthu ali pamzere wachitatu, koma ikamakwana 11 koloko kunkayera, mphepo n'kuyamba kuchokera kunyanja. Patatha sabata ubweya wotuwa uja unaoneka. Ndinaimba.

"Chabwera."

Mzee anafunsa, "Sizasi uli nayo pafupi?"

"Ili m'nyumba."

"Ikhale komweko."

Ulendo woyamba tinatola ndi amayi asanu ndi mmodzi, imodziimodzi, tsiku lonse, n'kupeza makireti anayi osadzaza. Mama Wairimu ankayendera dengu la aliyense, langa lomwe. Patapita masiku asanu tinatolanso. Mutua ankathamangira nazo ku Pangani kukafinya, ndipo anabwera ndi uthenga wakuti madzi a maulendo awiriwo angofika theka la kamgolo kakang'ono kwambiri m'shedi. Mgolo wosadzaza ndi imfa ya vinyo. Mpweya wotsala pamwamba umamusandutsa viniga. Tinkafunika ulendo wachitatu, ndipo mphesa zambiri zinali zitangofiira, zisanakwinyike. Zinkafuna masiku ena atatu kapena anayi.

Tsiku lomwelo mitambo inayamba kuunjikana kuseri kwa phiri la Longonot.

"Thyola zonse lero," anatero Mutua. "Mgolo udzaze, Mzee asangalale, iwe uzipita kwa mkazi wako. Adziwa bwanji? Saona."

"Ali ndi lilime."

"Lilime la zaka makumi asanu ndi awiri. Thiramo shuga, ndugu, wa m'sitolo ndi wotsekemeranso."

Mama Wairimu sanaseke. Anayang'ana kuphiri n'kunena kuti nyerere zayamba kusamutsa mazira, Lachisanu silifika kusanagwe. Limenelo linali Lolemba.

Ndinaimbanso foni.

"Ukuona chiyani?" anafunsa Mzee.

Ndinawauza mtundu wa mphesa, kulimba kwa khungu, fungo, mitambo, ndi nyerere za Mama Wairimu.

"Nditani?"

"Ine ndili pampando ku Pangani, ndikuona mdima. Ukufunsa ine?"

"Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndikanadikira. N'chifukwa chake ndakalamba wopanda vinyoyu. Ukathyola lero tipeza vinyo wokoma ndithu, wa pa ukwati, koma si iyeyo. Ukadikira mwina tipeza iyeyo, mwina tipeza viniga. Sindikuuza chochita. Chita zomwe maso ako akuona."

Ine mwachibadwa si munthu wodikira chinthu chikamaonongeka. Tsiku limenelo ndinazungulira mizere kanayi manja ali m'thumba. Ndinkadziwa kuti tikaphonya palibenso chaka china, ndipo zaka zomwe ndinalanda banja langa zikhala za chabe. Ndinkadziwanso kuti ndikathyola zosakwana ndikhala ndachita zomwe ndinachita kale, kungoti mwaulemu. Ndinauza amayi aja kuti abwere Lachinayi.

Lachiwiri kunawala. Lachitatu masana kunachita mdima, bingu linagunda kutali, madontho angapo anagwa pa malata n'kusiya. Mutua analowa m'pikapu n'kutseka chitseko kuti asandione.

Lachinayi mphesa zinali zitakwinyika. Koma zonyowa ndi nkhungu sungatole, choncho tinaima m'mphepete mwa munda ndi madengu athu, kudikira kuti ziume, mitambo ikukwera kutsogolo kwathu. Tinalowa itangodutsa 11 koloko. Palibe anadya. Mutua, amene ankati ntchito yake ndi chiwongolero basi, anatenga dengu nayenso, Mama Wairimu akumukalipira kuti zala zake zili ngati nthochi. Mvula inafika cha m'ma 3 koloko, yamphamvu, tili pamzere wachisanu. Tinathamangitsa makireti ku pikapu n'kufunditsa lona. Pamene lona linaperewera Mutua anavula jekete lake. Mizere itatu yotsalayo tinaisiya. Pofika m'mawa inali phala.

Tinafinya m'mawa mwake ku Pangani. Mphesa wamba ukazifinya madzi amathamanga. Izi zinkangodontha, madzi ake olemera ngati oyilo wa injini. Mzee anakhala pafupi ndi makina atatchera chala pampopi, akunyambita. Pofika masana madontho anatha. Ndinasuzumira m'mgolo.

"Wadzaza?"

"Kwatsala zala zinayi."

"Zala zako kapena za Mutua?"

"Zanga."

"Ndiye palibe vuto. Mutua, pita kusitolo ukagule timipira tagalasi tomwe ana amaseweretsa. Tonse tomwe upeze."

Mutua anazungulira masitolo a ku Pangani n'kubwera ndi thumba lodzaza. Anati mwini sitolo wina anamufunsa kuti ali ndi ana angati, iye n'kuyankha kuti mmodzi, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Tinatiwiritsa, n'kumatiponya m'mgolo kamodzikamodzi mpaka madzi anafika pakamwa.

Vinyo wamba amawira sabata ziwiri. Uyu anatenga miyezi. Shuga akachuluka yisiti imagwira ntchito mwaulesi, ndipo nthawi ina iliyonse ikhoza kungosiya. Mzee ankafika m'mawa uliwonse n'kugunditsa khutu pamgolo. Mwezi wa Julayi, kukuzizira, anamvetsera nthawi yaitali n'kunena kuti wagona. Tinaufunditsa mabulangete, langa lomwe. Patatha masiku asanu ndi anayi anamvanso kuthetheka. Nthawi imeneyo n'kuti thirakitala itadutsa kale kumunda. Mutua anapitako kukatenga mawaya, ndipo anati pomwe panali mizere ija anali atayamba kuimika zitsulo za nyumba ya maluwa. Mzee sanafunse zambiri.

Tinadikira chaka chathunthu kuti vinyoyo adeke. Tsiku lolawa tinalipo anayi: Mzee, a Antoni, Mutua ndi ine. Inali 10 koloko m'mawa. Ndinakoka pang'ono ndi kapaipi n'kuthira m'matambula.

"Akuoneka bwanji?" anafunsa Mzee.

Ndinakweza tambula pakhomo pomwe pankalowa dzuwa. "Ngati mafuta ophikira atsopano, koma ofiirirako. Ndikapendeketsa akutsika mochedwa."

Ananunkhiza nthawi yaitali. Anamwa pang'ono, n'kusunga m'kamwa. Tonse tinkayang'ana pakhosi pawo.

"Wa ku Ulaya uja anali wopepuka kuposa uyu," anatero. "Uyu dzuwa lamuchulukira. Ndi wonenepa."

"Ndiye walephereka?"

"Ndati walephereka?" Anamwanso. "Ndi iyeyo. Antoni, lawa, udziwe zomwe wasinthanitsa ndi maluwa."

A Antoni analawa, n'kutuluka panja kukaima pageti kwa kanthawi. Mutua anati wakewo watayika m'njira, amuthirirenso.

Mzee anatambasula dzanja kufunafuna phewa langa, n'kulipeza. "Pita kwanu, Malawi."

Mabotolo anatuluka ochepa, ang'onoang'ono. Hotela ina ya m'tauni inatenga angapo pamtengo womwe Mutua anakana kuukhulupirira, ndipo inapempha ena chaka chamawa. Mzee anawauza kuti chaka chamawa kulibe. Botolo limodzi anatumiza kwa Mama Wairimu. Ine anandipatsa awiri. Ndinawakulunga m'masokosi, ndipo Mutua anandiperekeza kokwerera basi m'tauni akundiwerengera zinthu zonse zomwe ndinkalakwitsa pophika.

Ndinafika kwathu Lachisanu masana, patatha zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba ndinaiphonya. Inali ndi malata, khonde la simenti, ndi mpanda wa njerwa womwe sindinamvepo m'kalata. Amake Tadala anali atayamba bizinesi yopikula matomato ndi anyezi m'madimba n'kumakagulitsa pamsika, ndipo anthu ankawatchula ndi dzina la bizinesiyo, osati langa. Tadala anali atatalika kuposa mayi ake. Anandilandira chikwama, anandiikira mpando wa alendo, n'kugwada patali.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino. Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda." Anadikira pang'ono ngati pali funso lina. Linalipo, koma sindinalipeze. Anadzuka n'kupita kukhitchini.

Dzuwa litapendeka ndinatulutsa botolo limodzi pakhonde. Matambula kunalibe, choncho ndinathira m'kapu ya tiyi n'kupereka kwa amake Tadala ndi manja awiri. Ananunkhiza, n'kulawa.

"N'zokoma," anatero.

"Eya."

"Zimenezi ndiye zaka zisanu ndi zinayi zija?"

"Ndi zimenezi."

Anazunguza kapu n'kuyang'ana m'kati. "A Nkhoma kuseriku amagulitsa uchi. Amabweretsa okha pakhomo."

Anamaliza zomwe zinali m'kapu, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza. Kenako anatseka botolo, analowa nalo m'nyumba, ndipo ndinamva kabati ikukhomedwa. Atatuluka anaima pakhomo akupukuta manja.

"Mawa ndi tsiku la msika. Pali madengu anayi a matomato. Ngati mwabweradi, njinga ili m'khitchini."

M'mawa mwake ndinapopa matayala, ndinamanga madengu awiri pakaliyala, enawo n'kuwasiyira ulendo wachiwiri. Nditatuluka pageti ndinakhotera kumanzere. Tadala anandiitana n'kunena kuti njira imeneyo inatsekedwa kalekale, anthu anamangapo nyumba. Anadutsa n'kukhala patsogolo, sikelo ili kumutu. Ndinatembenuza njinga n'kumamutsatira.